Telala Amene Adaona Msoko Kuthambo

Padangokhala, m'masiku amene makompyuta adali asanadze kudzatiwerengera zinthu, banja lina limene linkakhala pamwamba pa phiri lozizira, kumene mbatata ya kachewere imabereka osainyengerera. Phirilo musavutike n'kulifuna pa mapu, pakuti mapiri a m'nthano amaima pamene wokamba wawaimika. Mwamuna adali a Dzimbiri, mphunzitsi wa masamu wopuma pa ntchito, ndipo mkazi wawo adali Nachisale. Ana awo adali atakula n'kukamanga kwawokwawo. M'nyumbamo mudatsala anthu awiri ndi magalasi mazana anayi.

Za magalasiwo zidayamba motere. Kudziko lina lakutali, akatswiri a zakuthambo adamanga telesikopu yaikulu, makina oonera zinthu zimene diso silingafikeko. Adagwirizana zojambula thambo chigawo ndi chigawo, monga mlimi amayendera munda wake mzere ndi mzere. Masiku amenewo zithunzi zotere zinkajambulidwa pa magalasi. Galasi lililonse lidali ndi mbali ziwiri: ina yopakidwa mankhwala ogwira chithunzi, ina yosalala yopanda kanthu.

Akatswiriwo sankafuna nyenyezi ayi. Ankafuna milalang'amba. Mlalang'amba mukuudziwa, njira yoyera ija yodutsa pakati pa thambo mwezi ukakhala kuti palibe. Umenewo ndi mudzi wathu wa nyenyezi, ndipo dzuwa ndi nyumba imodzi chabe m'mudzimo. Kuseri kwa mudzi wathu kuli midzi ina yotere yankhaninkhani, yakutali kwambiri moti umodzi wonse umaoneka ngati kadontho. Akatswiri ankafuna kudziwa m'mene midziyo idakhalira, kaya idaunjikana, kaya idamwazikana, chifukwa zimenezo zimaulula m'mene chilengedwe chonse chidayambira ndi m'mene chikukulira. Koma timadonthoto tidachuluka kuposa maso awo, choncho adatumiza magalasi kwa anthu odekha a m'maiko osiyanasiyana kuti aziwerenga ndi kulemba m'mabuku. A Dzimbiri adalemba kalata yodzipereka, ndipo mabokosi adayamba kukwera phiri pa ngolo.

Vuto lidaonekera sabata yoyamba yomwe. Pa galasi zinthu zimatembenuka: thambo limaoneka loyera, zowala zimaoneka zakuda. Nyenyezi imakhala kadontho kakuthwa ngati pobaya singano, pamene mlalang'amba umakhala kadontho kofalikira ngati mafuta ogwera pa nsalu. Nyenyezi za m'mudzi wathu uno zili pafupi, ndiye zinkaima patsogolo ngati anthu aatali pa bwalo la mpira, n'kumatchinga za kumbuyo. A Dzimbiri akawerenga mpaka masana maso ankayamba misozi, n'kumawerengera nyenyezi pamodzi ndi milalang'amba.

Nachisale ndiye adapeza nzeru. Adasongola nthenga ya nkhanga, naiviika mu utoto wofiira, n'kuyamba kukwirira nyenyezi imodziimodzi ku mbali yosalala ya galasi. Akamaliza, amuna ake ankaika galasilo pa tebulo la pafupi ndi zenera, kuwala kukudzera pansi, n'kuwerenga zotsalazo ndi mandala okuza zinthu, mtima uli m'malo.

"Inu mumapeta, ine ndimatola ufa," ankatero a Dzimbiri. "Nyenyezizi ndi madeya basi."

Nachisale ankangoseka, koma mumtima sankavomereza kwenikweni. Munthu sungaloze chinthu ndi nthenga, n'kuchiyang'anitsitsa usanachikwirire, tsiku ndi tsiku kwa zaka zisanu ndi ziwiri, osayamba kuchidziwa. Zina zidali zonenepa, zina zowonda, zina ziwiriziwiri ngati mapasa. Nthawi zina ankapepesa chamumtima akamadontheza utotowo.

Chaka chachisanu ndi chiwiri chikutha, a Dzimbiri adawerenga galasi lomaliza, natumiza mabuku onse. Patapita miyezi itatu yankho lidabwera. Akatswiri adathokoza kwambiri, nanena kuti ziwerengerozo zidali zaukhondo. Za magalasi adati: ndi olemera kuwabweza, zimene tinkafunamo tazipeza, muchite nawo m'mene mungaonere.

Nkhaniyo idafika msanga kwa a hedi a sukulu ya m'munsi mwa phiri. Sukuluyo idali ndi mazenera opanda magalasi, ndipo mwezi wa Juni mphepo inkadutsa m'kalasi ngati kuti yalipira fizi. A hedi adakwera phiri, nakhala pansi ndi a Dzimbiri, ndipo adamvana. Loweruka m'mawa adzawiritsa madzi a soda mu mgolo, n'kuviikamo magalasi onse kuti utoto ndi zithunzi zichoke, atsale magalasi oyera oika m'mazenera.

Nachisale adadikira kuti mlendo atsike, kenako adafunsa, "Abambo, ndiye zaka zisanu ndi ziwiri zithere m'madzi a soda?"

"Zaka zili m'mabuku, amayi. M'magalasimo mwatsala madeya."

"Madeya amadyetsa nkhuku."

"Ndiye tikudyetsa ana a sukulu," adayankha a Dzimbiri mofatsa. "Mwawaona m'mene amagwirira choko kukazizira? Zala ngati nkhuni."

Anawo Nachisale adawaonadi, ndipo amuna ake sadalakwe. Galasi losungidwa m'bokosi silitchinga mphepo. Komabe sadakhutire. Nyenyezi zonse zija palibe adazilemba paliponse. Iye yekha ndiye adaziona, ndipo Loweruka zidzasungunuka n'kutayidwa kuseri kwa khola.

"Ndikupempheni chimodzi," adatero. "Lachisanu ndiwayale onse pabwalo, motsata manambala ake, ndiwaone kamodzi ali pamodzi. Sindinawaonepo ali pamodzi."

"Yalani. Koma nkhuku muzitsekere."

Lachinayi madzulo kudatulukira mlendo wosamuyembekezera. Adali Nangozo, msuweni wa a Dzimbiri, telala wa ku boma, amene ankapita kuchinkhoswe kuseri kwa phiri koma basi idamufera panjira. Adafika atasenza chikwama, tepi yoyezera ili m'khosi ngati mkanda, pakamwa pakuyamba kale ntchito asanalowe m'chipata. Monga mudziwa, pakati pa asuweni palibe kulemekezana kouma. Amanyozana mwachikondi, ndipo wamkazi amatcha wamwamuna kuti mwamuna wake.

"Odi kuno kwa mwamuna wanga wothawa banja. Kodi akadali moyo, kapena adakwera kumwamba n'kuwerenga kwakeko?"

"Lowani, mkazi wanga wa mavuto," adayankha a Dzimbiri akuseka. "Mwabwera kudzatisokera kapena kudzatidyera?"

"Kudzakudyerani. Thalauza lanulo ngakhale ine sindingalipulumutse." Kenako adatembenukira kwa Nachisale namukumbatira. "Mkazi mnzanga, mwaonda. Akukudyetsani nyenyezi bambowa?"

"Ayi alamu, nyenyezi amati ndi madeya. Amadya okha milalang'amba."

Atadya, Nangozo adamva nkhani yonse ya magalasi ndi mgolo wa soda. Adangofunsa ngati mawa pafunika manja, ndipo adati chinkhoswe chikhoza kuyamba popanda iye, popeza mkwati adamusokera kale ndipo zotsalazo ndi phokoso.

M'mawa mwa Lachisanu dzuwa lidatuluka bwino, kopanda mphepo. Amayi awiriwo adasesa bwalo, nayala nsalu zoyera zonse za m'nyumba, zitatha adawonjezera matumba a ufa ochapa. Kenako adayamba kutulutsa magalasi. Pa ngodya ya galasi lililonse padali nambala yosonyeza chigawo chake cha thambo, ndipo Nachisale ankaitana manambala, Nangozo n'kumayala, mizere makumi awiri, mzere uliwonse magalasi makumi awiri, atasiya timipata topondamo. A Dzimbiri adali kuseri, akuwaza nkhuni za mawa.

Pofika masana bwalo lonse lidali waliwali, lodzaza timadontho tofiira ngati munda wa tsabola. Nachisale adagwada pa galasi lina, nalisisita m'mbali. Ankalikumbukira. Adalipaka chaka chimene mphepo idasasula denga la khitchini.

Nangozo sadagwade. Telala akayala nsalu sayamba n'kuyang'ana ulusi umodziumodzi. Amabwerera m'mbuyo kuti aone m'mene maluwa akuyendera, chifukwa diresi losemphana maluwa pa msoko mwini wake amabwera nalo akutukwana. Choncho Nangozo adabwerera m'mbuyo mpaka pakhonde, napendeketsa mutu. Kenako adakoka mtondo, naugadabuza, n'kukwerapo.

"Alamu, mugwa," adatero Nachisale.

"Mkazi mnzanga, msoko uwu mudausoka dala?"

"Msoko uti?"

"Uwu. Ukuchokera ku ngodya ya kunkhokweko, n'kupinda pang'ono apa, n'kukathera pafupi ndi mtengo wa mapichesi. Bwerani mukwere."

Nachisale adakwera pa mtondo, atagwira phewa la mlamu wake. Poyamba adangoona timadontho tomwazikana ngati kale. Nangozo adamuuza kuti atsinzine pang'ono, monga amachitira munthu poyang'ana utsi wakutali. Atatero, adauona. Pakati pa chipwirikiti chonsecho padali kanjira kopyapyala kamene timadontho tidathithikana kuposa pena ponse, kodutsa magalasi okwana makumi atatu, osadukiza. Zaka zonse zija iye ndi amuna ake ankayang'ana galasi limodzi pa nthawi, mphuno ili pafupi, diso lili pa mandala. Palibe adabwererapo m'mbuyo.

"Abambo," adaitana. "Tasiyani nkhwangwa."

A Dzimbiri adabwera akupukuta manja, ndipo atakakamizidwa adakwera pa mtondo. Adayang'ana nthawi yaitali. Adatsika, nazungulira mbali ina, nakweranso pa mpando. Pomaliza adati, "Ndauona. Koma kuona mzere si kupeza chinthu. Diso la munthu limakonda mizere, limaipeza ngakhale m'phulusa."

"Mwamuna wanga wayamba ulaliki," adatero Nangozo.

"Ndikunena zoona, msuweni. Mwina ndi dzanja la amayi likatopa, limadontheza pafupipafupi. Mwina ndi fumbi limene lidagwera pa magalasi powatsuka kwawoko, amayi n'kuliyesa nyenyezi. Ndikalembera akatswiri kuti telala waona msoko kuthambo, adzaseka mpaka Khirisimasi."

Mawu amenewa sadali achipongwe. Munthu amene wawerenga zinthu zaka zambiri amadziwa kuti zolakwa zambiri zimabwera zitavala bwino, ndipo kukayika ndi mbali ya ntchito. Nachisale adadziwa zimenezo, choncho sadakwiye. Adaganiza kaye, kenako adaloza magalasi awiri oyandikana.

"Ili ndidalipaka chaka cha denga chija. Linzakeli lidabwera m'bokosi lina, patapita zaka zitatu. Dzanja langa likadatopa pamalo amodzimodzi, n'kukumana pa mzere, patadutsa zaka zitatu? Nanga fumbi limalumpha bwanji kuchoka pa galasi ili kupita pa ilo?"

A Dzimbiri adakanda m'mutu. "Pamenepo mwandigwira mwendo. Komabe sitingadziwe tisanaone zimene zili pansi pa utotowo. Ndipo utoto uwu suchoka popanda madzi otentha a soda. Madziwo akakhudza mbali inayo, chithunzi chapita. Ndiye mwaona, amayi, tidatseka chitseko n'kuponya kiyi m'chitsime."

Zidali zoona kuti m'nyumbamo ankakhulupirira choncho. Kale Nachisale adayesapo kufufuta kadontho kolakwika ndi kansalu konyowa, madzi n'kuyenderera kuseri n'kuwononga ngodya yonse. Kuyambira tsiku limenelo lamulo lidali loti chopakidwa chapakidwa.

Nangozo adatsika pa khonde, napisa dzanja m'chikwama, natulutsa kabokosi ka machesi. M'katimo mudali kalumo, kaja amamasulira msoko telala akasoka molakwa.

"Inu anthu ophunzira mumavuta," adatero. "Chilichonse mpaka kuwiritsa madzi. Ine ndikalakwitsa diresi sindilitentha, ndimadula ulusi umodziumodzi."

Asanamuyankhe, adanyamula galasi limodzi la pa mzerewo, nalitembenuza m'manja kuti aligwire bwino, n'kuikapo kalumo. Kudamveka kaphokoso kakang'ono, *kwee*. Nachisale adalumpha ngati waponda moto namugwira dzanja.

"Alamu, imani. Mwatembenuza. Uko ndi kwa chithunzi."

Onse atatu adaweramira galasilo. Pafupi ndi m'mphepete padali kachipsera koyera, kotalika ngati chikhadabo. A Dzimbiri adatenga mandala, nayang'ana, napumira m'mwamba.

"Msuweni, pamenepa padali mlalang'amba. Ndikuukumbukira, udali wooneka ngati njere ya nkhaka. Mwapha mudzi wa nyenyezi mamiliyonimamiliyoni ndi dzanja limodzi."

Nangozo adayang'ana kalumo kali m'dzanja lake. Kenako adanena chapansipansi, "Pepani. Kwathu nsalu ukaitembenuza imakhalabe nsalu." Adatambasula dzanja napereka kalumo kwa Nachisale. "Tengani inu. Mukudziwa kumaso ndi kumbuyo kwake."

Onse atatu adalowa m'nyumba, naika galasi pa tebulo la pazenera, mbali yosalala ili kumwamba. Nachisale adagoneka kalumo chopendeka monga adamulangizira Nangozo, nakankha pang'onopang'ono pansi pa kadontho kamodzi. Utoto wouma udatumphuka wonse ngati nkhanambo, galasi osakandika. Adayang'ana ndi mandala. Pansi pake padali kadontho kakuda, kakuthwa, kozungulira bwino. Sikadali fumbi. Idali nyenyezi, yomwe ija adaikwirira zaka zinayi zapitazo, ili phee pamalo pake.

Adatumphula kachiwiri, kachitatu, mpaka makumi awiri motsata mzerewo. Kenako a Dzimbiri, amene tsopano adali ataiwala za nkhuni, adati, "Tumphulaninso makumi awiri kunja kwa mzere, tiyerekeze." Nachisale adatero. Za kunja zidali zosakanikirana, zonenepa ndi zowonda, monga anthu a pamsika. Za pa mzere zambiri zidali zazing'ono mofanana, zofooka mofanana, ngati ana a sukulu ovala yunifolomu ali pa ndandanda.

Adatenga galasi lina la kutsogolo kwa mzere, kenako lina la kumapeto. Zidali chimodzimodzi. A Dzimbiri adavula mandala awo a m'maso, nawapukuta ndi malaya nthawi yaitali kuposa m'mene padafunikira.

"Sindikudziwa kuti ichi n'chiyani," adatero. "Koma nyenyezi zofanana chotere sizingafole pa mzere mwangozi. Zikuoneka ngati za banja limodzi, zili pa ulendo umodzi." Adayang'ana akazi awo. "Amayi, moto wa mawa sitiyatsa."

Nachisale adapitiriza kutumphula timadontho, ngakhale padalibenso chofuna kutsimikiza, akumwetulira yekha.

"Nanga a hedi?" adafunsa patapita kanthawi.

"A hedi akumana ndi mkazi wangayu," adatero a Dzimbiri akuloza Nangozo. "Wayambitsa ndi iye."

Loweruka m'mawa a hedi adafikadi ndi ngolo ndi udzu woyalira magalasi. Adapeza mgolo uli wozizira. Adamvetsera nkhani yonse mwaulemu, adakwera ngakhale pa mtondo, koma atatsika adati, "Ndauona msokowo, ndi wokongola. Koma ana anga sangafunde msoko." Palibe adatsutsa, chifukwa nawonso ankanena zoona. Nachisale ndiye adakumbukira kuti kuchipinda kudali mabokosi ena atatu a magalasi amene akatswiri adawajambula kuli mitambo, osaoneka kanthu, amene sadawerengedwe n'komwe. Amenewo adawaviika mu soda tsiku lomwelo. Adakwanira makalasi atatu. Kalasi yachinayi idakhala ndi makatoni m'mazenera chaka china chathunthu, ndipo a hedi akakumana ndi Nangozo ku boma ankamupatsa moni wa m'mphuno, mpaka iye adawasokera makatani a ofesi ndipo adagwirizananso.

A Dzimbiri adalemba kalata, najambula mzerewo pa pepala, natchula manambala a magalasi. Sadabise kuti adauona ndi telala ataima pa mtondo. Akatswiri owerenga milalang'amba adayankha mwaulemu kuti nyenyezi si ntchito yawo, koma kalatayo adaipereka kwa mnzawo wa ofesi yoyandikana, mayi wina wofufuza za mlalang'amba wathu uno. Mayiyo sadayankhe ndi kalata. Adabwera yekha, nsapato zili matope okhaokha, ndipo adakhala pa phiripo mwezi wathunthu.

Iyeyo ndiye adawamasulira. Kalekale kamudzi kena kakang'ono ka nyenyezi kadayandikira mudzi wathu waukuluwu. Mphamvu yokoka ya mudzi waukulu idakang'amba pang'onopang'ono, ndipo nyenyezi zake zidatayikira m'njira monse kadadutsa, monga chimanga chimatayikira thumba lobooka likakhala pa njinga. Ukatsata chimanga chotayikacho umadziwa kumene njinga idadzera, ndiponso m'mene msewu udapindira. Momwemonso mzere uja unkatha kuwauza akatswiri m'mene mlalang'amba wathu udakulira pomeza timidzi tinzake, ngakhalenso kulemera kwake.

Mbiri itamveka, kudabweranso ena, aliyense ndi njala yakeyake. Magalasi oyandikana ankabwereza kachigawo komweko ka thambo m'mphepete, koma ojambulidwa masiku osiyana. Wina adayerekeza m'mphepetemo napeza timadontho tosuntha, timene tidali miyala yozungulira dzuwa. Wina adapeza nyenyezi zimene pa galasi ili zidali zonenepa koma pa linzake zowonda, zija zimawala n'kuzilala mosinthana. Wina adapeza timadontho tooneka ngati nyenyezi koma tisali nyenyezi, tili mitima yoyaka ya milalang'amba yakutali zedi. Onsewa ankafunika munthu wodziwa galasi lililonse ndi wa dzanja losanjenjemera, ndipo munthuyo adali Nachisale. Zaka zisanu ndi ziwiri adakwirira nyenyezi, zaka zotsatira adazifukula, ndipo ankati ntchito yachiwiriyi inkamukomera kuposa yoyamba.

Tsiku lina anthu a m'munsi mwa phiri adafunsa a Dzimbiri kuti zidatheka bwanji iwo, mphunzitsi wa masamu, kukhala ndi chinthu m'nyumba zaka zonsezo osachiona, n'kudzachiona mayi wosoka madiresi amene basi idamufera. A Dzimbiri adaseka, nati, "Ife tidali ndi mandala, tidali ndi mabuku, tidali ndi mgolo wa soda. Koma mlendo ndiye adadza ndi kalumo kakuthwa." Mawuwo adatsika phiri, nalowa m'misika ndi m'mabwalo a milandu, ndipo mpaka lero timati: Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa.

Tanthauzo lake ndi ili. Anthu okhala ndi vuto nthawi yaitali amalizolowera, ndipo amazoloweranso njira imodzi yoliyang'anira. Wobwera kuchokera kwina sadziwa malamulo a m'nyumbamo, choncho amaima pamene eni ake sadaimepo, n'kufunsa funso limene iwo adasiya kufunsa. Masiku ano magalasi adalowedwa m'malo ndi makamera ndi makompyuta, ndipo akatswiri akujambulabe thambo m'zigawo zikuluzikulu pofuna kudziwa za chilengedwe chonse. Koma adaphunzira kusunga zonse zimene ajambula ndi kuzitsegulira anzawo a mafunso ena, pakuti chimene chikutchinga maso a wina chimakhala chomwe mnzake wakhala akusakasaka.

Komatu mwambiwu tisaumve mbali imodzi, ngati kuti mlendo ndi wanzeru ndipo eni nyumba ndi ogona. A Dzimbiri akadapanda kukayika, msoko uja ukadangokhala nkhani yosekera pachinkhoswe, wopanda umboni. Nachisale akadapanda kudontheza utoto mokhulupirika pa nyenyezi iliyonse, ngakhale yonyozeka, sipakadakhala mzere woti wina auone. Ndipo kalumo komweko kamene kadapulumutsa magalasi mazana anayi kadayamba n'kupha mlalang'amba umodzi, chifukwa mwini wake sankadziwa kumaso ndi kumbuyo kwa galasi.

Choncho mlendo akafika pakhomo panu, kaya ndi mwana watsopano m'kalasi, kaya ndi munthu wa ntchito ina yosiyana ndi yanu, mupatseni mpando ndipo mumulole aone zimene zakukanikani. Akatulutsa kalumo kake musamuseke. Koma musapitenso kutali. Khalani pambali pake, mumuonetse mbali yoyenera kupala.